Njinga, mdima wa Novembala ndi voti ya mlendo ku Copenhagen

Lamlungu lomaliza la mwezi wa Okutobala, dziko la Denmark limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi nthawi ya kuno imakhala yofanana ndi ya ku Malawi. Ikakwana 7 koloko madzulo ku Copenhagen, ku Zomba nakonso ndi 7 koloko, ndipo kuimba foni kumudzi sikulira masamu. Mawotchi akabwezedwa ife timatsalira m'mbuyo. Mu 2025 zimenezi zinachitika pa 26 Okutobala, ndipo kuchokera pamenepo mdima unayamba kudya masana mosabisa. Pofika pakati pa Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 4 koloko, ngati latuluka n'komwe, poti masiku ambiri kumangokhala mitambo yotuwa ndi kamvula kamawawa kosadziwika poyambira. Amayi akandiimbira amadandaula kutentha, akuti usiku sakugona, mango ayamba kupsa, mvula ikungolonjeza. Ine ndimayankha nditavala majuzi awiri.

Dzulo lake, Loweruka pa 25 Okutobala, mzinda unali utasintha nkhope pokonzekera chisankho cha makhansala cha pa 18 Novembala. Lamulo la kuno limatchula tsiku ndi ola limene zipani zingayambe kupachika mapositala a chisankho: Loweruka lachinayi chisankho chisanafike, 12 koloko masana. Nthawiyo isanakwane mumaona anyamata ndi atsikana a zipani ataima pansi pa mapolo a magetsi, makwerero ali m'manja, mapositala atadzaza m'njinga zonyamula katundu, aliyense akulondera polo yake. Ikangokwana amakwera. Pofika madzulo msewu uliwonse waukulu unali ndi nkhope zomwetulira zosanjikizana mpaka m'mwamba, iliyonse ndi chilembo cha chipani chake: A, F, Ø, C, V ndi zina. Lamulo lomwelo limati positala isapachikidwe pansi pa mamita 2.3 pamwamba pa njira ya njinga. Wolemba lamuloli ankaganizira mutu wa munthu amene akupalasa, ndipo kwa ine mfundo yaing'onoyi ikunena zambiri za mzindawu kuposa zonse zolembedwa pamapositalawo.

Ndimakhala ku Nordvest, dera la anthu a ndalama zapakatikati ndi alendo ambiri, ndipo ntchito ndimagwira kutsidya kwa doko, pa chilumba cha Amager. M'mawa ndimalowa mumsewu wa Nørrebrogade n'kutsetsereka nawo mpaka pa mlatho wa Dronning Louises Bro, umene umadutsa pakati pa nyanja zing'onozing'ono za mumzinda. Pa mlathowu pamadutsa njinga pafupifupi 40,000 tsiku lililonse la ntchito. Maloboti a mu Nørrebrogade anawatchera kuti munthu wopalasa pa liwiro la makilomita 20 pa ola azingopeza getsi lobiriwira, choncho gulu lonse limayenda pamodzi mwakachetechete. Mumangomva matcheni, matayala akuwaza madzi, ndi belu la wina wofulumira amene akufuna kudutsa kumanzere. Pali abambo a masuti atakulunga mwendo wa thalauza, amayi oyembekezera, agogo a imvi, ophunzira a m'makoleji. Pali njinga zija za bokosi kutsogolo, zimene zinayambira m'dera la mumzindawu la Christiania, muli ana awiri ovala zamvula, galu ndi thumba la mbatata. Aphungu ena a nyumba ya malamulo nawonso amafika ku Christiansborg, kumene kuli nyumbayo, pa njinga n'kuikhoma panja monga wina aliyense.

Kwathu njinga yakapalasa ndi umboni woti zinthu sizinakuyendere. Munthu akapata pang'ono amagula yamoto, akapata kwambiri amagula galimoto, ndipo wakabaza amene amatinyamula tsiku ndi tsiku ndi amene amathamangitsidwa ndi hutala mpaka kugwera m'ngalande. Nditangofika kuno ndinkabisa kuti ndimapalasa. Mlamu wanga atadziwa anandifunsa mwachifundo kuti, "Achimwene, ndiye kuti ndalama zake n'zovuta choncho?" Panopa ndimangoseka, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Malamulo apanjira ndi ochepa koma sachita nawo masewera. Ukafuna kuima umakweza dzanja, apo ayi wakumbuyo akugunda ndipo mawu amene akulankhule sudzawapeza m'buku lophunzirira chilankhulo. Pokhota kumanzere pa mphambano sudula pakati pa magalimoto. Umawoloka kaye molunjika, n'kuima pakona, n'kutembenuza njinga, n'kudikira getsi lina. Mdima ukagwa uyenera kukhala ndi nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, ndipo apolisi akakupeza ulibe, chindapusa chake ndi ma kroner 700. Nyengo ino ndi imene nyalizo zimagwira ntchito, chifukwa umachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. Masamba a mitengo ya m'mbali mwa nyanja zija amasanduka achikasu, kenako ofiirira, n'kuyoyokera panjira. Akanyowa amaterera moopsa, makamaka pokhota, ndipo mabuleki akutsogolo ukawagwira mwamphamvu umadya dothi. M'mamawa timagalimoto ta khonsolo timadutsa n'kumasesa njira za njinga. Chisanu chikafika timeneti ndi timene timathira mchere kuti madzi asaume panjira.

Ndinakhala nthawi ndikuganiza kuti anthu a kuno anangobadwa okonda njinga. Neba wanga, mayi wachikulire amene anagwira ntchito ya uphunzitsi moyo wake wonse, ndi amene anandiuza kuti mzindawu unatsala pang'ono kutengedwa ndi magalimoto. M'zaka za m'ma 1960 panali pulani yomanga msewu waukulu wa magalimoto m'mphepete mwa nyanja zomwe zija ndimadutsa m'mawa. Anthu anakana, ndalama zinavuta, ndipo pulaniyo inafa m'zaka za m'ma 1970. Mu 1973 mafuta atasowa padziko lonse, boma linaletsa magalimoto kuyenda Lamlungu kwa miyezi ingapo, ndipo anthu anaona misewu yawo ili phee. Chakumapeto kwa zaka zimenezo okwera njinga ankadzaza bwalo la Rådhuspladsen, kutsogolo kwa likulu la khonsolo, kufuna njira zawozawo. Iye anali nawo m'gulumo. Msewu wa Strøget unatsekedwa kwa magalimoto kale mu 1962, eni masitolo akulira kuti malonda afa. Nørrebrogade wanga uja anayamba kumuchepetsera magalimoto mu 2008, pa nthawi imene Klaus Bondam anali meya woona za misewu ndi chilengedwe, ndipo kunali phokoso lomwelo. Mlatho wokhotakhota wa njinga zokhazokha wa Cykelslangen unatsegulidwa mu 2014, Inderhavnsbroen mu 2016, Lille Langebro mu 2019. Chilichonse mwa zimenezi chinadutsa m'manja mwa makhansala, anthu anakangana, ena analuza mipando, ena anaipeza. Ngakhale tizitsulo topondapo phazi podikira getsi, kuti usatsike pachishalo, pali munthu wina amene anativomereza pa bajeti.

Ndiye chisankho cha makhansala chikamabwera, ndimachimva m'matayala.

Sabata ya tchuthi cha masukulu ya pakati pa Okutobala, imene kale inali yoti ana akathandize makolo kukumba mbatata, tinapangana ndi anzanga kupalasa kupita ku Dyrehaven. Ubwenzi wa kuno umayendera kalendala. Sungangofika pakhomo pa munthu n'kunena kuti odi. Umapangana naye masabata angapo m'mbuyo, iye n'kulemba. Ife alendo tinaphunzira mwambowu mokakamizika, ndipo tsopano nafenso timautsatira mpaka kudzichititsa manyazi. Tinali ine, mnzanga wa ku Mzuzu amene anabwera kudzaphunzira n'kukhazikika, mayi wina wa ku Ghana amene amasamalira okalamba, ndi mwamuna wake wa konkuno. Tinatsata msewu wa Strandvejen kudutsa ku Hellerup, nyanja ya Øresund ili kudzanja lamanja, gombe la Sweden likuoneka kutsidya. Mphepo inali yochokera kutsogolo. Ku Denmark kulibe mapiri, koma amene anapalasapo molimbana ndi mphepo ya kunyanja sadandaula za kusowa kwa zitunda.

Dyrehaven ndi nkhalango imene mafumu ankasakamo nyama kuyambira m'zaka za m'ma 1600, ndipo muli agwape pafupifupi 2,000 oyenda momasuka. Seputembala ndi Okutobala ndi nthawi imene amphongo amalimbirana akazi. Kubangula kwawo kumamveka patali, kozama, kochokera m'mimba, ndipo anthu amaima chapatali ndi makamera. Mnzanga wa ku Mzuzu anayang'ana gulu lonselo likudya msipu pafupi ndi kanyumba kachifumu ka Eremitage n'kupukusa mutu. "Aise, ndiwo zonsezi zikungoyenda?" Tinaseka mpaka mwamuna wa mnzathu uja anapempha kuti timumasulire. Pobwerera miyendo inakana, ndiye tinakwera sitima ya S-tog pa Klampenborg. Njinga imakwera ulere m'sitimazi. Panjira yopita kusiteshoni tinapeza bokosi la maapozi pageti la nyumba ina, eni ake atalemba kuti aliyense atenge. Chimenechi n'chofala nyengo ino, mitengo ikabereka kuposa zimene banja lingadye.

Nkhani ya voti inabuka patapita masabata angapo, tikudya kwathu. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia a ku Nørrebro. Si ufa woyera wa kwathu, koma nsima imagwira. Nyengo ino kumapezeka masamba ena olimba obiriwira amene eni dziko amadya m'chisanu, ndipo ukawatendera ndi chiponde amayandikira mpiru wotendera. Ndinayatsa makandulo pawindo monga amachitira aneba onse mdima ukayamba, ndipo tili mkati modya ndinafunsa ngati onse akukavota pa 18 Novembala.

Lamulo lake ndi ili. Pa chisankho cha nyumba ya malamulo, Folketing, amavota nzika za Denmark zokha. Koma pa chisankho cha makhonsolo ndi zigawo, chimene chimachitika Lachiwiri lachitatu la Novembala zaka zinayi zilizonse, mlendo naye ali ndi voti. Anthu a mayiko a European Union, Norway ndi Iceland amavota akangokhazikika. Enafe, a ku Malawi, Ghana, Syria, Philippines, timavota tikakhala m'dzikoli zaka zinayi zotsatizana. Ufulu umenewu unayamba mu 1981, ndipo poyamba zaka zake zinali zitatu. Ukhozanso kuima nawo pa mpando. Palibe kalembera wapadera, palibe kukaima pamzere kuti akujambule. Aliyense wokhala kuno ali kale m'kaundula wa boma ndi nambala yake, choncho tsiku likayandikira khadi lovotera limangofika pakhomo, lolembedwa dzina lako, malo okavotera ndi tebulo limene ukafikire.

Mnzanga wa ku Mzuzu anati iye sakapita. "Mlendo ndi mame, aise. Ife tabwera kudzagwira ntchito. Za eni mudzi tizisiyire eni mudzi." Mayi wa ku Ghana uja anaika supuni pansi. Iye amadzuka usiku kukasambitsa okalamba, amadziwa kuti pa shifiti imodzi pamakhala anthu angati ndipo payenera kukhala angati, ndipo amene amasankha chiwerengerocho ndi khonsolo. Sukulu ya mwana wake ndi ya khonsolo. Mkaka umene amamwa ana kusukulu ya mkaka, mabasi, malaibulale, zinyalala, thandizo la osowa ntchito, zonsezi ndi za khonsolo. Ndipo pa ndalama zimene timalandira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene amadulapo msonkho limapita ku khonsolo, osafunsa mtundu wa pasipoti. Ine ndinangowonjezera kuti akuluakulu omwewo amene anati mlendo ndi mame ananenanso kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma mnzangayo si wopusa, ndipo zimene anayankha sindinathe kuzigwetsa. Anati zinthu zimene zimamusowetsa tulo sizili m'manja mwa makhansala. Chilolezo chokhalira m'dziko, malamulo obweretsa mkazi kapena mwamuna, mayeso a unzika amene amasinthasintha, zonsezi zimapangidwa ku Folketing, kumene iye alibe mawu. Anatchula Mjølnerparken, nyumba za ku Nørrebro zimene ndimadutsa pafupi nazo ndikamapita kuntchito. Lamulo la 2018 linaika madera ena pa mndandanda wapadera potengera, mwa zina, kuchuluka kwa anthu ochokera kumayiko amene boma limawatcha kuti si a azungu. Zotsatira zake, nyumba zina za ku Mjølnerparken zinagulitsidwa ndipo mabanja amene anakhalamo zaka zambiri anasamutsidwa. Chipani cha Socialdemokratiet, chimene mu 2025 chinkalamula dziko pansi pa Mette Frederiksen, chinavomereza lamulolo ndipo chimanyadira kukhwimitsa malamulo a alendo. "Ndiye andipatsa voti yosankha poimika galimoto," anatero, "koma yosankha ngati ndikhale kapena ndichoke anaisunga." Patebulo panakhala chete. Mwamuna wa mnzathu uja anafiira nkhope, koma sanatsutse.

Ine maganizo anga ndi akuti voti yaing'ono ndi voti ndithu. Zimadziwika kuti alendo amavota ochepa kwambiri poyerekeza ndi eni dziko, ndipo andale amawerenga. Dera limene silivota amalipita komaliza. Komanso ndinali ndi chilonda china chimene anzangawo ankachidziwa. Pa 16 Seputembala chaka chomwecho cha 2025 a Malawi anavota, kusankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala. Amene tili kunja tilibe njira yovotera kumene tili. Ukafuna uyenera kupita kumudzi nthawi ya kalembera, n'kudzapitanso tsiku loponya voti, ndipo mtengo wa ndege yokha ndi fizi ya mwana ya chaka chonse. Ndinatsatira chisankhocho pafoni, zithunzi za zala za inki zikulowa pa WhatsApp kuyambira m'bandakucha, kenako masiku odikira, mpaka pa 24 Seputembala pamene bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana a Lazarus Chakwera. Ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi, maliro timasonkha, koma pa tsiku limenelo tinali oonerera. Ndiye dziko la eni likandipatsa pepala, ndingalikane bwanji?

Ndipo kwathuko, mwa mapepala atatu aja, la khansala ndi limene timalichonga mothamanga. Tinakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda makhansala m'dziko lonse, ndipo dziko silinagwedezeke. Tikafuna mjigo timapita kwa phungu, tikafuna mlatho timadikira pulezidenti abwere pa msonkhano. Ndikafunsa abale anga dzina la khansala wa kwathu, ena amatchula chipani chokha. Sindikuwaweruza, poti khansala wopanda ndalama m'manja angachite chiyani? Kusiyana kwake kuli pomwepo. Kuno makhonsolo 98 a dzikoli amadziikira okha msonkho waukulu ndipo amagwiritsa ntchito gawo lalikulu la ndalama za boma. Munthu ukamupatsa thumba, anthu amaphunzira dzina lake.

Kampeni ya kuno ndi yozizira monga nyengo yake. Kulibe nsalu za chipani, kulibe magule, kulibe malole onyamula anthu. Ofuna mipando amaima pa milatho m'mawa n'kumagawira opalasa timapepala, mabanzi, khofi, nthawi zina nyali za njinga kapena zovundikira chishalo kuti chisanyowe. Tsiku lina ndinalandira banzi kwa munthu amene ndinali nditangoona nkhope yake pa polo, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi voti. Anthu ambiri amayankha mafunso pa intaneti, pa masamba a mawailesi a kanema a DR kapena TV 2, ndipo kompyuta imawauza amene akugwirizana naye maganizo mwa mazana a opikisana. Ine inandipatsa munthu amene sindinamumvepo, wa chipani chimene sindikanachiganizira. Sindinaimvere, koma inandichititsa kuwerenga.

Nkhani zazikulu zinali zitatu kapena zinayi. Yoyamba ndi nyumba. Lendi mu Copenhagen yakwera moti anamwino, aphunzitsi ndi oyendetsa mabasi, anthu amene amayendetsa mzindawu, akuthawira kunja kwake. Ndimadziwa anthu akuluakulu a ntchito zawo amene akukhala m'chipinda chimodzi cha nyumba ya wina. Yachiwiri ndi malo oimika magalimoto, nkhani imene mlendo angaione ngati yachibwana koma imayambanitsa anthu pachibale, chifukwa mita iliyonse yopatsidwa kwa njinga kapena mtengo imalandidwa kwa galimoto. Panalinso za sukulu za mkaka ndi mtengo wake. Ndiye pali Lynetteholm, chilumba chimene akuchimanga pothira dothi m'nyanja pakamwa pa doko. Nyumba ya malamulo inachivomereza mu 2021. Akuti chidzateteza mzinda ku madzi osefukira ndipo padzakhala anthu 35,000, koma ntchitoyo idzatha cha m'ma 2070, ndipo otsutsa akuti ikuwononga nyanja n'kukoka magalimoto ambiri. Za madzi anthu a kuno sazitenga mopepuka. Pa 2 Julayi 2011 mvula ya maola ochepa inamiza misewu ndi zipinda zapansi mumzinda wonse, ndipo kuchokera pamenepo mapaki ena, monga Enghaveparken, anawamanganso kuti mvula ikachuluka azisanduka madamu.

Masabata omaliza anadutsa mwachangu. Lachisanu loyamba la Novembala kampani ya Tuborg inatulutsa mowa wake wa Khirisimasi, achinyamata n'kudzaza m'mabala atavala zipewa zabuluu, ndipo m'mawa mwake njira za njinga zinali ndi magalasi osweka. Pa 10 Novembala eni dziko anadya bakha monga mwa mwambo wawo wa Mortensaften, ndipo neba wanga uja anandibweretsera mbale. Mphepo inagwetsa masamba otsala pamodzi ndi mapositala ena. Ena anawajambula ndevu ndi nyanga.

Lachiwiri pa 18 Novembala linali tsiku la ntchito monga ena onse. Malo ovotera anatsegulidwa 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo amene sakanatha anali atavota kale m'malaibulale ndi m'maofesi a khonsolo masabata apitawo. Ine ndinapita ndikuweruka, kuli mdima, ku holo ya masewera ya sukulu ina ya pulayimale. Panja panali njinga zambirimbiri moti malo okhomera anasowa. Kunalibe msilikali, kunalibe wapolisi amene ndinamuona. Makolo analowa ndi ana awo, ena mpaka kuseri kwa katani. Ndinapereka khadi langa, mayi wa patebulo anandifunsa tsiku langa lobadwa, n'kundipatsa mapepala awiri. Lina linali la khonsolo ya mzinda, imene ili ndi mipando 55. Lina linali la chigawo, chimene ntchito yake yaikulu ndi zipatala, ndipo ulendo uno tinkasankha akuluakulu a chigawo chatsopano cha Østdanmark, chimene chiphatikize chigawo cha likulu ndi cha Sjælland kuyambira 2027. Pepala la khonsolo linali lalitali ngati chitenje, lodzaza zipani ndi mayina, moti linalendewera pansi pa kashelefu kolembera. Umachonga pamodzi pokha, pa chipani kapena pa munthu. Ndinachonga pa munthu. Ndinapinda pepalalo kangapo kuti lilowe m'bokosi.

Chala sanandipake inki. Ndikutuluka ndinadziyang'ana m'manja, ndipo zinandikhudza kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa ndinalibe choti ndijambule n'kutumiza kumudzi. Zonse zinatenga mphindi zosakwana zimene ndimathera pogula mkaka. Ndinaimbira amayi ndili chiimire pambali pa njinga. "Mwavotera ndani kumeneko, inu mukuwadziwa anthu ake?" anandifunsa. Ndinati ndavotera khansala. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Basi khansala yekha?"

Mavoti amawerengedwa pamanja usiku womwewo, ndipo pofika pakati pa usiku chithunzi chimakhala chitaoneka. Koma meya sasankhidwa ndi anthu mwachindunji. Monga zilili m'mizinda ya kwathu, makhansala ndi amene amasankhana okha, choncho zotsatira zikangotuluka atsogoleri a zipani amadzitsekera m'zipinda za likulu la khonsolo n'kuyamba kugawana mipando. Copenhagen ili ndi mameya asanu ndi awiri: wamkulu mmodzi, ndi ena asanu ndi mmodzi oyang'anira nthambi monga sukulu, zaumoyo ndi misewu. Mpando wa meya wamkulu unakhazikitsidwa mu 1938, ndipo kuyambira pamenepo unali usanachokepo m'manja mwa Socialdemokratiet, chipani chimene chinayamba kutsogolera mzindawu kale mu 1903. Ming'alu inaoneka mu 2021, pamene chipani cha Enhedslisten chinapeza mavoti ambiri kuposa onse, ngakhale mpandowo unapitabe kwa Sophie Hæstorp Andersen wa Socialdemokratiet. Ulendo uno chipanicho chinatumiza Pernille Rosenkrantz-Theil, amene anasiya unduna kuti adzateteze mzindawu. Sizinathandize. Enhedslisten, motsogozedwa ndi Line Barfod, inakhalanso patsogolo, chipani cha SF chinabwera pachiwiri, ndipo zipani za kumanzere ndi kumanja zinagwirizana kupereka mpando kwa Sisse Marie Welling wa SF, Socialdemokratiet ili kunja kwa chitseko. Anayamba ntchito pa 1 Januwale 2026.

M'mawa mwake neba wanga ndinakumana naye pamakwerero akutsika ndi zinyalala. Bambo ake anali a chipani chogonjacho moyo wawo wonse, iyenso anachivotera zaka zambiri, koma ulendo uno anati anachisiya chifukwa sachizindikiranso. Sanaoneke wokondwa. Anthu amatanthauzira kugonjaku mosiyanasiyana. Ena akuti ndi mtengo wa nyumba, ena akuti anthu a mumzinda atopa ndi chipani chimene chinalowa m'boma limodzi ndi zipani za kumanja n'kumalankhula mowawa za alendo, ena akuti mzinda wa anthu ogwira ntchito m'mafakitale umene unamanga chipanicho kulibenso. Ine ndikuona kuti zonsezi zilimo, ndipo sindikuyembekezera kuti lendi yanga itsika chifukwa meya wasintha.

Mnzanga wa ku Mzuzu sanavote. Tinakumana Loweruka lotsatira pa shopu ya wokonza njinga, iye akusinthitsa mabuleki, ine tayala langa litabooledwa ndi galasi. Ndinamuuza kuti wataya mwayi woona chipani cha zaka zoposa 100 chikugwa iye ataponyapo mwala wake. Anaseka n'kundikumbutsa kuti mu 2026 kudzakhala chisankho cha Folketing, chija chosankha amene amalemba malamulo a zilolezo zathu. "Aise," anatero akulipira, "khadi lako likadzafika pa chimenecho, udzandiimbire. Tidzapitira limodzi."